Kukhazika kasetilaiti bata popanda mota

Kasetilaiti sikatuluka mwaulemu m'bokosi lake la pa roketi. Sipuling'i imakakankha, ndipo popeza siikankha pakati penipeni, kamatuluka kakugubuduzika, madigiri angapo pa sekondi iliyonse, mwina kuposa 10. Kumwambako kulibe poti kagwire. Mukangokasiya choncho, eriyo izidzaloza pansi kenako kumwamba, sola izidzaona dzuwa mongolambalala, ndipo wailesi yanu pansi pano izidzamva mawu oduka-duka.

Masetilaiti akuluakulu ali ndi mawilo oyendera mota, timaroketi ta gasi ndi makamera owerenga nyenyezi. Zonsezo zimadya magetsi, malo ndi ndalama, komanso zimadalira pulogalamu ya kompyuta yosaphonya. CubeSat, muyezo umene Jordi Puig-Suari wa ku Cal Poly ndi Bob Twiggs wa ku Stanford, mayunivesite a ku America, anauyambitsa mu 1999, ndi kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, ndipo sola zake zimangopereka wati imodzi kapena awiri. N'chifukwa chake gulu lililonse limene likupanga kasetilaiti koyamba ndimalilimbikitsa kuti lisiye dziko lenilenilo ligwire ntchito yoongola. Dziko lili ndi maginito, lili ndi mphamvu yokoka, lili ndi kampweya kopyapyala kamene kamafika mpaka kumene kasetilaiti kamadutsa. Mphamvu zimenezi sizithima batire ikatha, ndipo siziima kompyuta ikasokonekera.

Musanagule chilichonse, mvetsani kuti pali ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kukokera kasetilaiti kumene mukufuna kaloze. Yachiwiri ndi kukatontholetsa. Katungwe amabwerera pakati chifukwa dziko limamukoka, koma amaima chifukwa mphepo ndi kukhulana kwa chingwe pa nthambi zimamudya mphamvu pang'onopang'ono. Kumwamba kulibe zomudya mphamvuzo. Mphamvu yokoka payokha imangopangitsa kasetilaiti kupita uku ndi uku mosalekeza. Ambiri amathera nthawi yawo pa ntchito yoyamba n'kupeputsa yachiwiri, pamene yachiwiriyo ndiyo yovuta.

Yambani ndi pepala ndi pensulo

Lembani kaye chimene chiyenera kuloza kwinakwake, ndi madigiri angati amene mungapirire kakaphonya. Ngati yankho ndi digiri imodzi, njira zonse za pano sizikuthandizani, kagulani mawilo. Ngati ndi madigiri 10 mpaka 20, zimene zimakwanira eriyo wamba, sola ndi kamera yoona dera lalikulu, pitirizani.

Kenako werengani mphamvu zotembenuza zimene zidzalimbirane kasetilaiti kanu. N'zazing'ono zedi, choncho ndizilemba m'muyezo wa nanonewton-mita, mwachidule nNm. Mu newton-mita imodzi muli ma nNm 1 biliyoni. Titenge CubeSat ya 3U, kutanthauza timabokosi titatu tolumikizana, ya makilogalamu 4, yotalika masentimita 34. Pa makilomita 500 imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 95.

Mphamvu yokoka ya dziko imachepa mukamatalikira, motero mbali ya kasetilaiti imene ili pafupi ndi dziko imakokedwa mopitirira pang'ono mbali yakutali, ndipo chinthu chachitali chimafuna kuima choloza pakati pa dziko. Kukula kwake ndi 1.5 kuchulukitsa n² kuchulukitsa kusiyana kwa ma moment of inertia awiri, pamene n ndi liwiro lozungulira dziko, 0.0011 radian pa sekondi. Moment of inertia ndi muyezo wa mmene chinthu chimakanira kutembenuzidwa: 3U yathu ili ndi 0.042 kg·m² chopingasa ndi 0.007 motsata utali wake. Zotsatira zake ndi ma nNm 60 okha. Mpweya pa makilomita 400, ukamawomba mbali yaitali ndipo pamene ukukankha pataphonyana ndi pakati pa kulemera ndi sentimita imodzi, umapereka pafupifupi 70. Pa makilomita 500 umachepa mwina kasanu. Kuwala kwa dzuwa kumakankhanso, koma sikufika ngakhale 5.

Tsopano nayi nambala imene imadabwitsa anthu. Waya wonyamula ampere imodzi, wozungulira bwalo la masentimita 10 kwa 10, ndi maginito a 0.01 A·m², kutanthauza ampere kuchulukitsa kukula kwa bwalolo. Mabatire okutidwa ndi chitsulo, masikuluu achitsulo ndi mawaya a sola oyalidwa mosasamala amafika pamenepo mosavuta. Maginito a dziko kumeneko ali pakati pa ma microtesla 20 ndi 50, ndiye maginito osafunikawo amatembenuza kasetilaiti ndi ma nNm 400, kuposa mphamvu yokoka kasanu n'kamodzi. Amene amaganiza kuti 3U idzaima yokha chifukwa ndi yaitali, amagonja kwa mawaya ake omwe.

Lamulo limene ndimatsata ndi lakuti pakhale mphamvu imodzi yolamulira, yoposa zina zonse kakhumi ngati n'kotheka, ndipo zotsalazo zichepetsedwe mwadala. Potani mawaya awiriawiri, wopita ndi wobwera, kuti maginito awo azifafanizana. Masikuluu akhale a titanium, aluminiyamu kapena a mtundu wosagwira maginito, ndipo muwayese amodziamodzi.

Kamaginito ndi tindodo

Iyi ndiyo njira imene ndingasankhe pa kasetilaiti koyamba. Si yatsopano: Transit 1B ya a Applied Physics Laboratory ku Johns Hopkins inaigwiritsa ntchito mu 1960, ndipo ma CubeSat monga QuakeSat mu 2003 ndi GeneSat-1 ya NASA mu 2006 anaitsatira. Mumamangirira kamaginito m'kati, kasetilaiti konse n'kusanduka singano ya kampasi yotsata mizere ya maginito a dziko.

Kukula kwa kamaginito kumapezeka motere. Tengani mphamvu yosokoneza yaikulu koposa, ichulukitseni kakhumi kapena kupitirira, mugawe ndi maginito a dziko pamene ali ofooka koposa. Malo ofookawo ali pamwamba pa South Atlantic, kuyambira ku South America kufika kum'mwera kwa Africa, pafupifupi ma microtesla 20. Kwa 3U yathu, 0.3 A·m² imapereka ma nNm 6,000 pamalo ofookawo, ndipo imakwana bwino. Maginito a neodymium okula sentimita imodzi mbali zonse ali ndi pafupifupi 1 A·m², ndiye mukufuna gawo limodzi mwa atatu a kachidutswa kameneko. Kuti mutsimikize zimene mwagula, gwiritsani ntchito magnetometer, choyezera maginito, ya mufoni: kamaginito ka 0.3 A·m², mukaima nako masentimita 20 molunjika nsonga yake, kamasintha muyezo ndi ma microtesla 7.5. Neodymium wamba amayamba kufooka akatentha kupyola madigiri 80 Celsius, motero musawaike pafupi ndi khoma lopsa ndi dzuwa. Ena amakonda maginito a mtundu wa alnico, opirira kutentha, pa chifukwa chomwechi.

Musakopeke ndi maganizo akuti maginito akakula ndiye kuti zinthu zikoma. Akakula mopitirira amasokoneza magnetometer yanu, amapha tindodo timene nditchule posachedwapa, ndiponso eni roketi amaika malire pa maginito otuluka kunja kwa bokosi.

Mbali iyi ndikufuna muisamale kwambiri, chifukwa zojambula zambiri zimene mungapeze zinapangidwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko. Mizere ya maginito imatuluka m'dziko chakum'mwera n'kukalowa chakumpoto. Nsonga ya kamaginito yofuna kumpoto imagona chopingasa pafupi ndi ikweta, imaweramira pansi pamwamba pa Europe ndi North America, koma pamwamba pa Lilongwe, Lusaka kapena Harare imaloza kumpoto chokweza m'mwamba, madigiri pafupifupi 50 kapena kuposerapo. Mukakopera chojambula cha ku Delft ku Netherlands kapena ku Michigan ku America osasintha kanthu, eriyo ndi kamera zidzaloza kumwamba nthawi imene kasetilaiti kakudutsa pa siteshoni yanu. Ngati siteshoni ili kum'mwera kwa ikweta, zoyang'ana pansi ziikeni ku nsonga yofuna kum'mwera. Yesani ndi kampasi musanamate, lembani chizindikiro pa kamaginitoko, ndipo munthu wachiwiri ayesenso payekha.

Dziwaninso zimene njirayi siingachite. Pa njira yodutsa kumpoto ndi kum'mwera kwenikweni kwa dziko, kasetilaiti kamatembenuka kawiri pa ulendo uliwonse, chifukwa mizereyo imatero. Ndipo kamaginito sikaletsa kuzungulira motsata utali wake womwe.

Chotontholetsa ndi tindodo ta hysteresis. Ndi tizitsulo ta nickel wosakaniza ndi chitsulo, togulitsidwa ndi maina monga HyMu 80, mu-metal kapena Permalloy. Kasetilaiti kakamagwedezeka, kandodo kamalowa maginito mbali iyi, kenako mbali inayo, ndipo kusintha kulikonse kumasandutsa kamphamvu pang'ono kukhala kutentha. Kugwedezeka kumafa motero. Kwa 3U ya kamaginito ka 0.3 A·m², ulendo umodzi wopita ndi kubwera umatenga mphindi 7, ndiye pa tsiku tindodo timapeza mpata woluma kokwana 200.

Tindodoti timagonekedwa mopingasa ndi kamaginito, mbali zonse ziwiri zotsalazo, kuti tisamalimbane nako. Tikhale titalitali ndi toonda: utali wa masentimita 9 ndi kunenepa kwa milimita imodzi ndi poyambira pabwino. Kandodo kafupi konenepa, ngakhale kalemere chimodzimodzi, sikagwira ntchito, popeza maginito a kunsonga zake amafafaniza a m'kati. Awiri oyang'ana kumodzi atalikirane gawo limodzi mwa atatu a utali wawo, ndipo onse atalikirane ndi kamaginito mmene malo angalolere. Kandodo kokhuta maginito kale sikangasinthenso, ndiye sikadya mphamvu. Chitsulochi chimapeza khalidwe lake chikaotchedwa mu ng'anjo ya hydrogen kupitirira madigiri 1,000. Dulani ndi kuongola musanaotche. Chikatuluka mu ng'anjo musachipinde, musachidule, musachigwetse, ndipo pomangirira musachifinye ndi sikuluu.

Tindodo tingati? Tikachepa, kudekha kumatenga miyezi. Tikachuluka, timakhala maginito patokha n'kupatutsa kasetilaiti pa mzere. Awiri kapena atatu mbali iliyonse ndi pamene ambiri amayambira pa 3U. Koma musakhulupirire manambala a m'kabuku ka wogulitsa, chifukwa amayezedwa pa chitsulo chopindidwa ngati mphete, osati pa kandodo kotseguka nsonga. Delfi-C3 ya ku Delft, imene inakwera mu April 2008, inachedwa kwambiri kudekha poyerekeza ndi zimene masamu analonjeza. CSSWE ya University of Colorado, ya mu 2012, inadekha patatha pafupifupi sabata imodzi n'kumatsata mizere mosaphonya madigiri oposa 15. Kulungani waya mozungulira kandodo kanu kenikeni, kaikeni m'koilo yaikulu, muyeze nokha mmene kamalowera ndi kutuluka maginito pa ma microtesla 20 mpaka 50, ndipo manambala amenewo ndiwo alowe m'kompyuta.

Mlongoti, ngati mukufuna kuyang'ana pansi nthawi zonse

Kamera yojambula dziko siikhutira ndi kampasi. Apa m'pamene mphamvu yokoka imafunika, yomwe ija inagwira mwezi kuti uzitionetsa nkhope imodzi. Taona kuti ma nNm 60 ndi ochepa, ndiye timakuza kusiyana kuja ndi mlongoti wokhala ndi cholemera kunsonga. Magalamu 300 pa mlongoti wa mamita 2 amakweza moment of inertia kufika 1.1 kg·m², ndipo mphamvu yoongola imafika ma nNm 2,000. Mukawirikiza cholemera mumapindula kawiri, mukawirikiza utali mumapindula kanayi, choncho talikitsani m'malo molemeretsa. Magulu ambiri amapanga mlongoti ndi chitsulo cha tepi yoyezera ya amisiri, chokulungidwa n'kumangidwa ndi ulusi wa nayiloni umene resistor yotentha imadula.

Mbiri ya njirayi ndi mbiri ya milongoti yokana kutuluka. TRAAC inayesa mu 1961, mlongoti sunatambasuke, ndipo chipambano choyamba chinadza ndi Transit 5A-3 mu 1963. Ikagwira, imagwiradi. LDEF, chimphona cha mamita 9 chimene chombo cha NASA cha Challenger chinasiya kumwamba mu April 1984, chinaima chilili popanda mota mpaka chombo china, Columbia, chitakachitenga mu January 1990. SUNSAT ya ophunzira a ku Stellenbosch ku South Africa ndi Ørsted ya ku Denmark, zimene zinakwera roketi imodzi mu February 1999, zonse zinali ndi milongoti yotere.

Dongosolo lake n'lofunika kulitsata bwino. Musatulutse mlongoti kasetilaiti kakugubuduzika. Kachepetseni kaye ndi tindodo, kapena ndi makoilo a maginito oyendera magetsi, mpaka kafike cha pa digiri imodzi pa sekondi. Kutambasuka kwa mlongoti kumachita zotsalazo: moment of inertia ikakula maulendo 26, liwiro limatsika maulendo 26, kufika madigiri 0.04 pa sekondi, pansi pa liwiro lozungulira dziko limene ndi 0.063. Pamenepo dziko limakagwira, kamayamba kupendekera kutsogolo ndi kumbuyo m'mphindi pafupifupi 55, ndipo tindodo timamaliza ntchito m'masiku kapena masabata.

Zovuta zake ndi izi. Dziko silisankha kuti ndi nsonga iti ikhale pansi. Kasetilaiti kamakhazikika chimodzimodzi ngakhale kamera ikuyang'ana nyenyezi. Muyenera kutulutsa mlongoti pa nthawi imene mukudziwa kuti ukuloza kumwamba, kapena mukhale ndi njira yokagudubuza pambuyo pake, apo ayi muike eriyo mbali zonse ziwiri. Mlongoti umapindikanso mbali imodzi ikapsa ndi dzuwa inayo ili mumthunzi, ndipo Polar BEAR ya mu 1986 inatembenuka chadodolido itakhala kale miyezi ili bwinobwino. Njira yozungulira dziko iyenera kukhala yobulungira, chifukwa yowulungika motalika imakankha kasetilaiti ulendo uliwonse. Kuzungulira motsata mlongoti sikuletsedwa. Ndipo chonde, musaphatikize mlongoti ndi kamaginito kokhazikika poganiza kuti mphamvu ziwiri zithandizana: 6,000 wina akukokera kumpoto, 2,000 wina akukokera pansi, ndipo kasetilaiti sikamvera aliyense.

Mpweya, kuzungulira ndi utoto

Ngati kasetilaiti kadzatayidwa kuchokera ku International Space Station, pa makilomita pafupifupi 400, mpweya sungaunyalanyaze. Kamathamanga makilomita 7.7 pa sekondi, ndipo ngati kulemera kuli kutsogolo, malo otambalala ali kumbuyo, mphuno imaloza kumene kakupita. NASA inaonetsa zimenezi mu May 1996 ndi PAMS, kasilinda kolemera mutu kokhala ndi tindodo ta maginito, kamene chombo cha Endeavour chinatulutsa pa ulendo wa STS-77. ZA-AeroSat ya ku Stellenbosch, ya mu 2017, inapangidwa ndi maeriyo otambasukira kumbuyo pa cholinga chomwechi. Malamulo a CubeSat salola pakati pa kulemera kusuntha kwambiri, masentimita 7 okha motsata utali wa 3U, ndiye mchira uyenera kuchokera ku mapanelo a sola otseguka chakumbuyo, ofanana mbali zonse. Mtengo wake ndi moyo: mchira umene ukuongola ndi womwewo ukukokera kasetilaiti pansi msanga. Komanso mpweya wa kumeneko umakhuthala kakhumi kapena kuposa dzuwa likakhala pachimake pa nyengo yake ya zaka 11, choncho werengani kawiri, chaka cha dzuwa lofatsa ndi cha dzuwa lolusa. Kupyola makilomita 500 ine sindingaudalire.

Za kuzunguza kasetilaiti mwadala ndinena mwachidule. Explorer 1, ya mu January 1958, inali yoonda yaitali ndipo anaizunguza motsata utali wake. Timaeriyo take tofewa tinkagwedera n'kumadya mphamvu, ndipo posakhalitsa inayamba kuzungulira chopingasa. Chinthu chimene chikutaya mphamvu chimathera pa mzere wa moment of inertia yaikulu koposa. Ngati 3U yanu mukufuna izizungulira motsata utali popanda chowongolera, ithera mmene inathera Explorer 1.

Pali kaluso kena kamene ndimakakonda kwambiri. Ma Microsat a AMSAT, bungwe la anthu okonda mawailesi, a mu January 1990 anali ndi maginito ndi tindodo, koma anapakanso maeriyo awo utoto woyera mbali imodzi, wakuda mbali inayo. Mbali yoyera imabweza kuwala ndipo imakankhidwa kwambiri, ndiye kasetilaiti kankazungulira pang'onopang'ono motsata kamaginito, tindodo n'kumaletsa kuti liwiro lisakwere. Motero mbali imodzi siinkapsa yokha, ndipo mphamvu yofooka kuposa zonse ija inapatsidwa ntchito pa mzere umodzi wokha umene kamaginito sikalamulira.

Kakakwera, mudzadziwa bwanji?

Konzekerani funsoli mukadali pa tebulo. Ikani magnetometer kutali ndi kamaginito, muyeze pansi pano kuchuluka kwa zimene kamaginito ndi tindodo zikuwonjezera, kuti mudzazichotse. Manambala ake atatu alowe mu uthenga waufupi umene kasetilaiti kamaulutsa kokha, pamodzi ndi magetsi a sola ya mbali iliyonse, chifukwa masiku oyambirira mwina simudzatha kukalamula kalikonse. Pa njira ya kamaginito, nambala ya motsata kamaginito idzakwera mpaka kuyandikira maginito onse a pamalopo, ziwiri zinazo n'kumatsika. Gawani yoyambayo ndi yonse, mupeza cosine ya madigiri amene kakuphonya. Pa njira ya mlongoti, yang'anani sola ya ku nsonga ya mlongoti masana: ikamawala kwambiri dzuwa lili pamutu, kaima bwino, ikakhala mumdima, kaima chadodolido. Ngakhale uthenga usamveke wonse, lembani nthawi imene ikudutsa pakati pa kuzilala kumodzi kwa mawu a wailesi ndi kotsatira. Nthawiyo ikamatalika tsiku ndi tsiku, tindodo tikugwira ntchito, ndipo musatumize lamulo lotulutsa mlongoti mpaka manambala a maulendo angapo otsatizana atagwirizana kuti liwiro latsika pansi pa digiri imodzi pa sekondi.